Mpeni, Jakisoni kapena Botolo: Nkhope Ikayamba Makwinya Tisankhe Chiyani?

Mawu amene analankhulidwa kwa amayi a mabizinesi, eni masaluni ndi ogulitsa zodzoladzola pa Boma la Mulanje

  

Mwandipempha kuti ndikambe za nkhope imene yayamba kukalamba: kodi munthu apite ku opaleshoni, kapena atsate njira zosang'amba? Ndikudziwa kuti ena mumtima mukuti nkhani imeneyi ndi ya ku Johannesburg, ya atsikana a pa Facebook ndi TikTok, osati ya kuno kumene ambiri timalawirira kukathyola tiyi kapena kukapikula nanazi. N'zoona kuti pa Boma pano palibe amene akukoka nkhope za anthu ndi mpeni. Koma njira zosang'ambazo zinafika kalekale. Zili pamatebulo a pamsika, zili m'zikwama zathu, ndipo kuno kwathu nkhope zimene zawonongeka zawonongeka ndi botolo, osati ndi mpeni. Choncho nkhaniyi ndi yathu.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, chimene chimakalamba pankhope. Yachiwiri, botolo. Yachitatu, jakisoni ndi makina. Yachinayi, mpeni. Yachisanu, poyambira pake. Koma mukaiwala zonsezi, mutenge mafunso awiri awa: chakalamba n'chiyani, nanga akundigwira ndani? Ndiwabwereza mpaka mutope nawo.

Mfundo yoyamba: chimene chimakalamba.

Taganizirani mtsamiro umene mwagonera zaka zambiri. Umatha m'njira zitatu. Nsalu yakunja imasuluka n'kuchita mawanga. Thonje la m'kati limaphwa. Ndipo thonje likaphwa, nsalu ija imakhwefuka n'kumalendewera. Nkhope nayo imatero. Pamwamba pa khungu pamabwera mawanga ndi timizere. Pansi pake mafuta a m'masaya amachepa, ngakhale mafupa a nsagwada amaphwa pang'onopang'ono. Kenako khungu limatsika, n'kudzaunjikana m'mbali mwa chibwano ndi pakhosi.

M'kati mwa khungu muli timaulusi totchedwa collagen, timene timalilimbitsa. Timachepa chaka ndi chaka, koma kwa ife amayi timagwa kwambiri tikasiya kusamba: pa zaka zisanu zoyambirira, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita. N'chifukwa chake mayi amadabwa kuti, "Chaka chatha ndinali bwinobwino, lero galasi likundiuza zina." Sikuti wina wakulodzani, amayi. Ndi thupi.

Tsono njira iliyonse imakonza chimodzi mwa zitatuzi, osati zonse. Mafuta odzola amagwira nsalu yakunja yokha. Jakisoni wodzazira amawonjezera thonje. Opaleshoni ndi telala amene amadula nsalu yotsala n'kusoka. Telala sachotsa mawanga, ndipo mafuta sangakweze khungu limene latsika, ngakhale pabotolopo atalembapo zotani. Ogulitsa, imvani bwino pamenepa, chifukwa kasitomala wanu amakhulupirira inu kuposa zolembedwazo.

Pali mwayi umodzi umene ife akhungu lakuda tili nawo. Utoto wa m'khungu lathu, melanin, umatchinga mbali ina ya mphamvu ya dzuwa, ndipo makwinya athu amachedwa kubwera poyerekeza ndi a azungu. Koma khungu lomweli lili ndi khalidwe lake: likapsa, likakandika kapena likatupa, limasiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lichoke, ndipo kwa ena bala limapola ndi chipsera chotupa. Musaiwale zimenezi, chifukwa tikumana nazo pa mfundo zonse zotsatirazi.

Ndiwonjezepo chimodzi chimene anthu a m'tauni sachitchula. Mayi wa zaka 45 amene mano a m'mbali anatha, masaya ake amalowa m'kati ndipo amaoneka ngati wa zaka 60. Ameneyo sakufunika jakisoni wa m'masaya. Akufunika dokotala wa mano. Chakalamba n'chiyani? Yambani mwafunsa.

Mfundo yachiwiri: botolo. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali nkhani yathu.

Amayi athu ankawadziwa mafuta oyeretsa khungu a Ambi. Ife tikudziwa Caro Light, Diproson, Movate, Epiderm ndi anzawo, ena m'timachubu, ena osakaniza kale m'timabotolo topanda dzina, timene timabwera ndi malonda ochokera kunja kapena kusakanizidwa kuseri kwa saluni. Mayi akaona mawanga pamasaya, mnzake amamuuza kuti, "Tengani aka, sabata ziwiri zokha muona." Ndipo amaonadi. Sabata ziwiri nkhope yawala, ziphuphu zaphwa, anthu kutchalitchi akufunsa kuti mukudya chiyani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo.

Nyerere yoyamba ndi mankhwala a mtundu wa steroid. Mu Diproson ndi mu Epiderm muli betamethasone, mu Movate muli clobetasol. Amenewa ndi mankhwala enieni, abwino ndithu, amene dokotala amalembera munthu wa nthenda ya pakhungu kuti adzole kwa masiku owerengeka. Sanapangidwe kuti akhale mafuta a m'mawa uliwonse. Mukawadzola miyezi ndi miyezi, khungu limapyapyala, timitsempha tofiira timaonekera pamasaya, ziphuphu zimabwera zambiri kuposa kale, zipere zimafalikira, pachibwano pamayamba kumera tsitsi, ndipo m'khwapa ndi m'ntchafu mumang'ambika mizere yosachoka. Amene amadzola thupi lonse, mankhwalawo amalowa m'magazi n'kukweza shuga ndi BP. Taonani zodabwitsa zake: munthu amafuna kuthawa ukalamba, koma khungu lopyapyala ndiye ukalamba weniweniwo. Wagula ndi ndalama zake zimene zaka zikanamubweretsera mwaulere.

Nyerere yachiwiri ndi hydroquinone. Madokotala amamugwiritsa ntchito pa mawanga ena, kwa miyezi yochepa, akuyang'anira. Koma womudzola zaka, kenako n'kumakhala padzuwa la kumsika tsiku lonse, amadzaona masaya ndi m'mbali mwa maso mukuda bii, mdima wotuwira, nthawi zina ndi timatuza tolimba. Akaona choncho amawonjezera mafuta omwewo, ndipo mdimawo umakulirakulira. Madokotala a ku South Africa analemba za nthenda imeneyi mu 1975 ataiona mwa amayi akuda ambirimbiri, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, Rwanda nayo inayamba kuwalanda m'misika kumapeto kwa 2018. Mdima umenewu ndi wovuta kwambiri kuuchotsa, ngakhale kwa akatswiri.

Nyerere yachitatu ndi mercury, amene amapezeka m'sopo ndi mafuta ena, kawirikawiri osalembedwa n'komwe pabotolo. Ameneyu nkhope amangodutsapo, kumene amapita ndi ku impso ndi ku mitsempha ya ubongo. Mu 1972 madokotala a ku Nairobi anapeza atsikana ndi amayi ambiri akutupa thupi chifukwa cha impso, ndipo atafufuza anapeza kuti ambiri mwa iwo ankadzola mafuta okhala ndi mercury. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amagawana poizoniyo ndi mwana. Maiko anagwirizana pa pangano la Minamata kuti mercury achoke m'zodzoladzola, koma pangano silifika lokha pa tebulo la pamsika.

Ndikudziwa timasekana kuti uyu nkhope ya Fanta, miyendo ya Kokakola. Ine sindiseka nawo. Amene amadzola si opusa. Ambiri anauzidwa ndi amuna awo, kapena anaona kuti woyera ndi amene akuyamikiridwa. Abambo amene muli kumbuyoko, mawu amenewa ndi anu. Ndipo kwa mayi amene wakhala akudzola steroid nthawi yaitali ndikuti: musasiye lero lomwe mwadzidzidzi, chifukwa nkhope imafiira, imayabwa, imatentha, ndipo mudzabwerera kubotolo mukulira. Tengani botololo, mupite nalo ku chipatala chathu cha boma pano kapena ku Mulanje Mission, akuthandizeni kutsika pang'onopang'ono. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani nalo botololo.

Kodi mafuta othandiza alipo? Alipo. Mafuta oteteza ku dzuwa ndiwo oyamba. Pali ena otchedwa tretinoin, amene amachepetsadi timizere ndi mawanga, koma amafuna miyezi ingapo, amayamba n'kusupula khungu, amadzoledwa usiku, ndipo woyembekezera sayenera kuwakhudza. Amenewa ndi a dokotala ndi a ku famase, osati a m'chikwama cha mnzanu.

Mfundo yachitatu: jakisoni ndi makina.

Majakisoni odziwika ndi awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Woyamba ndi Botox. Ameneyu sadzaza kanthu. Amagonetsa timinofu timene timakwinya chipumi ndi pakati pa nsidze, ndiye mizere ya pamenepo imasalala. Ku America anamuvomereza pa mizere ya pakati pa nsidze mu 2002. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi itatu kapena inayi, ndiye wofuna kukhalabe chomwecho amabwerera katatu kapena kanayi chaka chilichonse, ndi ndalama m'manja. Wobaya akaphonya malo, chikope chimagwa kwa masabata angapo.

Wachiwiri ndi wodzazira, amene amati filler. Ameneyu ndiye thonje lija. Wodziwika bwino amapangidwa ndi hyaluronic acid, amakhala miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka ndi theka, ndipo ubwino wake ndi woti zikalakwika pali mankhwala omusungunulira. Ngozi yake ndi yosowa koma yoopsa: singano ikalowa mumtsempha wa magazi, khungu la pamenepo limafa, ndipo alipo anthu amene anachita khungu osaonanso. Munthu wodziwa mmene mitsempha ya kunkhope inayendera, amenenso ali ndi mankhwala osungunulira aja pafupi, ndi yekhayo woyenera kugwira singanoyo. Wina akabwera ndi chikwama kuchokera ku Joni n'kunena kuti abaya anthu kuchipinda chogona alendo pamtengo wotsika, simukudziwa chimene chili m'sirinjiyo. Ena amabaya silicone kapena mafuta wamba, zimene sizisungunuka, ndipo zimadzatuluka ngati zotupa patapita zaka. Chimodzimodzinso madiripi a glutathione amene akutchuka m'matauni: palibe umboni wokwanira woti ndi otetezeka pa ntchito yoyeretsa khungu. Akundigwira ndani? Funsani.

Makina a laser ndi mankhwala osupula khungu amathandiza pa mawanga ndi timizere, koma kumbukirani khalidwe la khungu lathu. Mphamvu imene imayenera mzungu ikhoza kuotcha munthu wakuda n'kumusiyira mawanga oposa amene anabwera nawo. Wogwira makinawo mum'funse kuti wagwirapo anthu angati akhungu ngati lanu.

Eni masaluni, pali chinthu chimene mumakumana nacho tsiku ndi tsiku: tinjerewere takuda timene timamera pamasaya ndi pakhosi munthu akamakula. Timayenda m'magazi a kubanja, ndipo sitipweteka. Ndaonapo mayi amene anatiwotcha ndi mankhwala osakaniza okha, njerewere zinachokadi, koma pamalo pa kanjerewere kalikonse panatsala banga lalikulu ngati chala. Musadule ndi lezala, musawotche ndi asidi, musamange ndi ulusi. Kuchipatala amachotsa ndi kachipangizo kakang'ono, ndipo amayamba ayesa pa kamodzi kuti aone mmene khungu lipolere.

Mfundo yachinayi: mpeni.

Sindinabwere kudzanyoza opaleshoni. Khungu likatsika kwenikweni, palibe mafuta, jakisoni kapena makina amene angafanane nayo. Dokotala amacheka kutsogolo kwa khutu n'kulowera m'tsitsi, amakweza minofu ya pansi, amadula khungu lotsala n'kusoka. Munthu amatupa ndi kubiriwira masabata awiri kapena atatu, ndipo zotsatira zake zimakhala zaka pafupifupi khumi. Ukalamba suima, umangobwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyambanso ulendo. Mawanga ndi timizere ta pamlomo zimatsala momwemo.

Walira mvula walira matope. Magazi akhoza kuundana pansi pa khungu, makamaka kwa munthu wa BP. Mtsempha woyendetsa nkhope ukhoza kukhudzidwa, pakamwa n'kupotoka kwa kanthawi, mwa apo ndi apo mpaka kalekale. Wosuta fodya bala lake limavuta kupola, wa shuga wosatsika chimodzimodzi. Ndipo mayi amene khungu lake lapyapyala ndi mafuta aja, ulusi sugwira bwino. Izi si za opaleshoni ya nkhope yokha ayi, ngakhale ya pobereka.

Kenako pali zipsera zotupa zija, zimene madokotala amati keloid. Nonse mwaonapo mtsikana amene anaboola khutu, pamalopo n'kumera chotupa cholimba chonyezimira, kapena bambo amene pachifuwa pake pali chipsera chimene chikungokula. Zimenezi n'zofala mwa ife akuda, ndipo malo amene zimakonda ndi khutu, nsagwada, chifuwa ndi mapewa. Tsono onani pamene mpeni wa opaleshoni ya nkhope umadutsa: pakhutu pomwepo. Choncho musanaganize za mpeni, yang'anani thupi lanu. Katemera wa paphewa anapola bwanji? Mphini zimene agogo anakutemerani zinapola bwanji? Nanga bala la opaleshoni ya pobereka? Thupi linakuyankhani kale.

Ndalama si chitetezo. Mu Okutobala 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria wa nthawi imeneyo, anamwalira ku Spain atachitidwa opaleshoni yokongoletsa thupi. Sinali ya nkhope, inali yochotsa mafuta, koma phunziro lake ndi limodzi: opaleshoni yokongoletsa ndi opaleshoni basi. Ndipo amene mukulingalira zopita ku South Africa, India kapena Turkey, dzifunseni kuti bala likadzayamba mafinya mutabwerera ku Nkando, adzakuonani ndani.

M'dziko muno madokotala okonza nkhope ndi khungu alipo, koma ndi ochepa kwambiri, ndipo manja awo ndi odzaza. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre akulimbana ndi ana amene anagwera pamoto kapena m'phala. Ku Beit CURE, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002, ndi m'misasa ya Operation Smile, akusoka ana obadwa ndi milomo yong'ambika. Ine ndimaona kuti mpeni wa m'Malawi uli pamalo pake. Komabe pali opaleshoni ina ya ukalamba imene si yokongoletsa chabe: chikope chikagwa mpaka kutchinga diso, kapena chikapindikira m'kati nsidze n'kumakanda diso, pitani kwa a maso musazengereze.

Mfundo yachisanu: poyambira.

Yambani ndi zimene sizifuna ndalama zambiri, chifukwa ndi zomwenso zimagwira ntchito kwambiri. Mdani wamkulu wa khungu ndi dzuwa. Mayi wothyola tiyi ku Lujeri kapena ku Ruo, mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, amalandira dzuwa pankhope kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngakhale tsiku la chiperoni, phiri litabisala m'nkhungu, mphamvu ya dzuwa imadutsa ndithu m'mitambo. Chipewa cha mlomo waukulu chimaposa duku, chifukwa duku silitchinga masaya. Ambulera pamalo a geni si matama. Amene mungathe, gulani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Abale athu achialubino, kwa inu mafuta amenewa ndi chipewa ndi nkhani ya moyo, chifukwa khansa ya pakhungu ikutenga ambiri adakali aang'ono. Pitani kuchipatala mukafunse za mafutawa ndipo akuoneni khungu kawirikawiri.

Siyani fodya, kaya ndi wa m'paketi kaya chingambwe. Chepetsani mowa. Khitchini ikhale ndi potulukira utsi. Sambani ndi sopo wofatsa, osakhula nkhope ndi mwala kapena chinkhupule ngati mukutsuka mphika, ndipo mukatero dzolani mafuta wamba, Vaseline kapena glycerine, khungu lidakali lonyowa. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi, ndipo abale athu Amakhuwa kutsidya ku Nampula mpaka lero amapaka musiro, ufa wa mtengo wopera pamwala. Zokongoletsa nkhope si zachilendo kwa ife. Chachilendo n'kudzola chinthu chimene sitikudziwa kuti muli chiyani. Za zakudya sindinena zambiri: kuno mapeyala, nanazi, mapapaya ndi masamba sitichita kuitanitsa.

Dziwaninso zimene si ukalamba. Chilonda cha pankhope chimene chatha mwezi osapola, banga limene likukula kapena kutuluka magazi, mawanga ofiirira moderako pamphuno kapena m'kamwa, nkhope yotupa m'mawa uliwonse, kuwonda kwadzidzidzi kumene kwagwetsa masaya: zimenezi musaziphimbe ndi mafuta. Zikhoza kukhala khansa, impso, shuga kapena chitetezo cha m'thupi chotsika.

Ngati mwachita zonsezi ndipo mtima ukufunabe zina, palibe tchimo. Nkhope ndi yanu, ndalama ndi zanu. Koma kwerani makwerero kuyambira pansi: mafuta a dokotala, kenako jakisoni amene amatha yekha, mpeni pomalizira, chifukwa chimene mpeni wadula sichibwerera. Ndipo chisankhocho chikhale chanu. Opaleshoni yochitira mwamuna amene wayamba kuyenda njira zina siinabwezepo banja.

Safunsa anadya phula. Musanagone pabedi la munthu aliyense, mufunseni: kodi munalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo chikalata chanu chili kuti? Mankhwala amene mukundibayawa dzina lake n'chiyani, ndione bokosi lake? Kodi ndi ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA? Zikalakwika usiku, ndiimbira ndani? Pa chaka chonse ndidzawononga zingati? Dokotala weniweni sakwiya ndi mafunso amenewa. Amene wakwiya, nyamulani chikwama chanu muzipita.

Chakalamba n'chiyani? Akundigwira ndani?

Pomaliza ndili ndi pempho kwa inu ogulitsa ndi eni masaluni. Ndikudziwa kuti timachubu timeneti timayenda malonda kuposa mafuta ena onse pa tebulo lanu, ndipo fizi ya ana imachokera pomwepo. Komabe mukafika kunyumba madzulo ano, tembenuzani botolo lililonse muwerenge kumbuyo kwake. Mukaona mawu akuti clobetasol, betamethasone, hydroquinone kapena mercury, kapena botolo lopanda cholembedwa chilichonse, lichotseni pa tebulo. Pamalo pakepo ikanipo zipewa, maambulera ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Ndipo kasitomala amene masaya ake ayamba kale kuda kapena kufiira, musamugulitsenso china champhamvu. Muuzeni apite kuchipatala ndi botolo lake, ndipo ngati akuchita manyazi, mum'perekeze.